Chifukwa Chake Anandivula Duku Loyera

Masauso mwana wanga,

Lero ndatseka shopu dzuwa lidakali pamutu. Makina ndawaphimba, mayunifolomu a ana a sukulu adikira. Iwe wapita ku Chiparamba kukatsanzika amalume ako, ndiye ndati ndikhale pakhonde pano ndikulembere zimene pakamwa pakhala pakundikanika. Umandidziwa, ine ndikayamba kulankhula mtima umakwera msanga, mawu amathamangitsana, mapeto ake timangokangana. Pepala silindidula mawu. Kalatayi ndiyika m'chikwama chako pansi pa malaya oyera aja. Uiwerenge basi ikadutsa Katete, pamene sungathenso kubwerera kudzandiyankha.

Mawa ukupita ku Kitwe kukaphunzira zaubusa. Zaka zikatha adzakuveka kolala, adzakupatsa gome ndi maikolofoni, ndipo anthu akuluakulu oposa ine adzakhala chete kudikira kuti utsegule pakamwa. Ndakondwa, usakayike. Bambo ako akanakhala moyo, bwenzi komboni yathu yonse ya Kapata itatopa nawo kumva za iwe. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindilola kuti upite nacho osachikonza.

Dzulo a Tembo, mkulu wa mpingo amene anasaina kalata yokuchitira umboni ku koleji, anakuitanira kuseri kwa tchalitchi. Unkaganiza kuti ndili kutali. Ndinali m'kati ndikusesa pafupi ndi zenera, pakuti tsache lokha ndi limene sanandilande. Ndinawamva akuti, "Mnyamata iwe uli ndi tsogolo. Koma ukafika kumeneko usakatengere amayi ako." Iwe unati, "Chabwino, abambo." Utafika kunyumba unadya osandiyang'ana kumaso. Sindikukuimba mlandu. Zimene zinachitika zija iwe unali kusukulu yogonera komweko, ndipo unazimva zidutswazidutswa kwa anthu amene aliyense anathiramo mchere wake. Tsopano uzimve kwa mwini wake. Ndiyambira kutali, upirire.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinalakwira bambo anga, agogo ako amene sunawaone. Iwo anali a gule wamkulu, sanabatizidwe mpaka imfa. Amayi ndiwo anali Mkhristu, ana tonse tinatsata amayi, ndipo bambo sanatiletsepo ngakhale tsiku limodzi. Nthawi ya dzinja, kamtsinje ka pakati pa mudzi wathu ndi tchalitchi kakadzaza, ndiwo ankatiwolotsa Lamlungu, mmodzimmodzi paphewa, Baibulo la amayi atalimanga pamutu ndi nsalu kuti lisanyowe. Akatiwolotsa ankakhala pansi pa mkuyu, kumasema mpini wa khasu, kudikira kuti tiweruke. Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo, munthu wa lilime lokoma, amene anatiuza kuti anthu a gule ndi ana a Satana, ndipo wodya nawo wadya ndi ziwanda. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona woyera kuposa mudzi wonse. Bambo atandiitana kuti ndidzatenge chimanga chootcha chimene anandisungira, ndinaima patali n'kunena kuti, "Sindilandira za m'manja mwa mwana wa Satana." Anandiyang'ana, chimanga chili m'manja. Kenako anati, "Mawu amenewo ndi ako, mwanawe, kapena wabwereka?" Sanandimenye. Lamlungu lotsatira anandiwolotsa ngati masiku onse, ine ndili paphewa pawo, osawalankhula.

Anamwalira patapita zaka zinayi. Pamaliro pao panabwera gule, monga iwo anafunira. Ine ndi atsikana anzanga a kwaya tinakakhala pa nyumba ina kumapeto kwa mudzi, kumaimba nyimbo zathu mokweza kuti ng'oma zisamveke. Kumanda sindinafike. Munthu amene anandinyamula kundipititsa kwa Yesu ndinamuika m'manda ndi msana wanga, ndipo sindinawapepese. Masauso, ukadzamva mawu onyoza anthu ena akukoma m'kamwa mwako, uyambe waima, udzifunse kuti mwini wake wa mawuwo ndani. Kawirikawiri udzapeza kuti wabwereka, ndipo wokubwerekayo sadzakhalapo tsiku lolira.

Ukanaganiza kuti munthu wopsa kamodzi amaopa moto. Ine ndinapsanso ndili ndi imvi. Cholakwa chachiwiri ndinalakwira Abiti Jafali, mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda, mkazi wa Che Yusufu wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika. Iwe umawadziwa ngati mayi amene ankakupatsa mandasi mwezi wao wosala ukatha. Chimene sudziwa n'chakuti tsiku limene ndinadwala matenda a iwe, bambo ako anali ku Mwami ndi lole, mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka. Abiti ndiwo anathamanga opanda nsapato kukaitana wa njinga, anandiperekeza kuchipatala, anakhala nane masiku atatu, anachapa nsalu zanga zimene ngakhale mbale wanga akanachita nazo nseru. Munthu woyamba kukunyamula, kupatula anamwino, anali Msilamu.

Chaka chako chomaliza kusukulu kunabwera mlaliki wochokera kutali, anamanga tenti pabwalo la pafupi ndi msika, n'kupachika zimkuzamawu pamitengo. Anthu a mipingo yosiyanasiyana tinkapitako, chifukwa nyimbo zinali zabwino ndipo munthuyo ankadziwa kulankhula. Tsiku lachitatu analoza chala kumene kuli mzikiti. Anati nyumba ija ndi chisa cha ziwanda, anthu aja abwera kudzalanda dziko lino, akugula malo athu, akufuna ana athu aakazi. Bwalo lonse linati ameni. Inenso ndinati ameni. Sindinakweze mawu, koma ndinanena. Zimkuzamawu zija zinaloza ku Kapata, ndipo Abiti anamva zonse akupeta mpunga pabwalo pao.

Patapita masiku ochepa pafoni panga panalowa uthenga wa mawu. Anali mwamuna wosatchula dzina, akulankhula monong'ona ngati akuopa kumvedwa, akuti iye anali Msilamu kale ndipo akuulula chinsinsi: ogulitsa nyama a Chisilamu amathira mankhwala m'nyama kuti akazi a Chikhristu asabereke. Sabata imeneyo amayi ako aang'ono anali atangopita padera kachiwiri. Ndinali nditalira nawo, ndipo mtima wanga unkafuna munthu woti ndimuloze. Nthawi imeneyo ndinali wapampando wa amayi mumpingo. Ndinatumiza uthengawo ku gulu lathu la amayi la pafoni, n'kulemba pansi pake mawu awiri: "Amayi, tichenjere." Ndinachita zimenezi nditaima, dzanja lina litagwira lumo, osakhala ngakhale pansi kuti ndiganize. Ukanachokera kwa wina mwina akanaukayikira. Unachokera kwa apampando.

Sabata isanathe, pa tebulo la Che Yusufu sipankaimanso munthu. Loweruka anyamata ena anabwera, anagubuduza tebulolo, anathira parafini pa nyama yonse, anthu akuonerera. Lolemba mwana wao Fatuma akuchokera kusukulu, ana anzake anamuzungulira pamsewu, anamukoka mpango kumutu mpaka kung'ambika, akumuimbira nyimbo yonyoza. Ine ndinamva zonsezi ndili pamakina. Ndinati, anyamata a masiku ano alibe mwambo. Sindinadziwerengere m'gulu lao.

Lachitatu Abiti anabwera kushopu. Mayi wina wa m'gulu lathu, wogulitsa tomato, anali atawaonetsa uthenga uja ndi dzina langa pamwamba pake. Sanandipatse moni.

"Amake Masauso, mwadya nyama ya m'nyumba mwathu zaka zingati?"

Ndinati ndi zambiri.

"Nanga mwabereka ana angati?"

"Asanu."

"Ndiye kuti mankhwala athuwo ndi ofooka kwabasi."

Sanaseke. Anatulutsa mpango wa Fatuma n'kuuika pa makina anga. "Ndabwera nawo kuti muusoke. Telala ndinu, ndipo woung'amba ndinunso." Anatembenuka n'kumapita. Mwana wanga, foni yako imene ndakugulira ija ili ndi gome lalikulu kuposa la tchalitchi chilichonse cha mu Chipata. Uthenga wa munthu wopanda dzina, wonena zoipa za mtundu wonse wa anthu, ukafika pa iwe uzifera pomwepo. Ndipo usangoufafaniza mwakachetechete. Amene wakutumizirayo umufunse kuti waona ndi maso ake kapena ayi, ngakhale akhale mphunzitsi wako.

Cholakwa chachitatu chinali kupepesa mwa mantha. Ndinadikira masabata awiri. Kenako masana ena, nditaona kuti anansi onse ali kumsika, ndinadzera pa kampata ka mpanda wa kuseri, mpango nditausoka bwinobwino, nkhuku ili m'khwapa. Abiti anandiyalira mphasa. Che Yusufu anali pakhomo, munthu amene sindinamuonepo atakhala pansi masana. Ndinagwada, ndinalira, ndinapepesa. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Takukhululukirani," anatero Che Yusufu, "pakuti Mulungu amatilamula kutero. Nkhukunso tilandira. Koma inu mwadzera kuseri, mayi. Mawu anu aja anadzera pamsewu."

Abiti anawonjezera kuti, "Amene anamva bodza ndi Kapata yense. Amene amva kupepesa ndife awiri ndi nkhukuyi."

Ndinabwerera kunyumba manyazi atandigwira kuposa mmene ndinapitira. Ndinazindikira kuti ndinkafuna zonse ziwiri: mtima wopepuka komanso mpando wanga. Ukumbukire zimenezi, Masauso. Chipongwe chochitidwa poyera sichikonzedwa m'chipinda. Ukadzalakwira anthu uli pagome, udzabwerere pagome pomwepo.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, ndinapita kutsogolo monga mwa chizolowezi kukawerenga za amayi. Ndinawerenga za kusesa, za odwala, za tsiku la mapemphero. Nditamaliza ndinapinda pepala n'kunena kuti, "Abale, uthenga uja wa nyama ndinatumiza ndine, ndipo ndi bodza. Sindimudziwa amene analankhula, sindinaone mankhwala alionse, ndipo ana anga asanu onse anakula ndi nyama ya Che Yusufu. Chifukwa cha chala changa munthu wataya ntchito yake, mwana wavulidwa mpango pamsewu. Komanso tsiku lija ku tenti, pamene nyumba yopemphereramo anzathu inatchedwa chisa cha ziwanda, tinati ameni. Ambiri a ife tili muno. Ine ndikubweza ameni wanga."

A Tembo anaimirira. "Amayi, khalani pansi. Ino si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi iti, abambo? Tsiku lotukwana lija nthawi inapezeka."

Wina anazimitsa maikolofoni. Anaiwala kuti ndine mayi wa pamsika. Ndinamaliza ndi mawu anga omwewa, mpaka a pabenchi yakumbuyo anamva. Madzulo ake ndinajambula mawu omwewo pafoni, ndinatchula dzina langa lonse ndi pamene pali shopu yanga, ndinawatumiza ku gulu lija, n'kupempha aliyense amene anatumiza bodza lija kuti atumizenso awa kwa anthu omwewo. Ena anatumiza. Ena anatuluka m'gulumo.

Bwalo la akulu a mpingo linandiitana Lachinayi. Sanafunse ngati zimene ndinanena zinali zoona. Anati ndachititsa manyazi mpingo pamaso pa anthu akunja, ndasokoneza mwambo wa mapemphero, ndipo ndikuoneka kuti ndikukokera nkhosa ku chipembedzo china. Anandipatsa njira ziwiri: ndiime Lamlungu ndinene kuti ndinalankhula mtima uli m'mwamba, kapena ndibweze duku loyera la amayi ndi mpando womwe. Duku limenelo ndinalivala zaka makumi awiri, Masauso. Ndinali nditaika nalo maliro osawerengeka, ndinali nditavala pa ubatizo wako. Ndinalimasula pomwepo, ndinalipinda, ndinaliika patebulo pao. Ndinawauza kuti mtima wanga unali m'mwamba tsiku limene ndinatumiza bodza, osati tsiku limene ndinalibweza. Ndinadutsa pamsika mutu uli pamtunda, imvi zikuoneka, ndipo sindinafulumize mwendo.

Abusa a nthawi imeneyo anakhala pa bwalo lonselo akuyang'ana zikhadabo zao. Patapita masiku atatu anabwera kushopu ngati akudzasoketsa buluku, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa kuti, "Amayi, munanena zoona, kungoti anthu athuwa ndi ovuta." Ndinawasokera bulukulo, koma ndinawauza kuti choonadi chonong'onedwa kwa telala sichithandiza munthu. Za abusa amenewa ndi zimene zimandisowetsa mtendere ndikaganiza za iwe. Sanali munthu woipa. Sanatukwanepo Msilamu. Anangokhala chete pa nthawi imene mawu ao amodzi akanaletsa zonse. Sindikuopa kuti udzakhala ngati mlaliki wa tenti uja, ndinakulera ndine. Ndikuopa kuti udzakhala m'busa woyang'ana zikhadabo.

Zotsatira zake unaziona wekha utabwera pa tchuthi. Amayi ambiri anachotsa nsalu zao kwa ine. Anandipatsa dzina la Chisilamu loti Hajati wa pa makina, ndipo ena amanditchulabe choncho ndikadutsa. Ankayembekeza kuti ndichoka mumpingo. Sindinachoke, ndipo sindichoka. Tchalitchi chimenechi njerwa zake ndinasenza ndi mutu uwu. Ndimakhala pa benchi yachitatu, ndi duku langa la maluwa, ndipo ndimaimba mokweza kuposa kale. Che Yusufu atabwezeretsa tebulo lao, Loweruka lililonse ndinkapita masana, msika utadzaza, n'kuitanitsa nyama mokweza mawu kuti a m'mbali amve. Masabata atatu ndinali ndekha. Kenako mayi wa tomato uja anabwera kudzaima pambali panga, kenako ena anayi. Lero anthu akugulanso, ndipo ambiri amachita ngati sakumbukira chilichonse. Koma Fatuma sanafunenso kudutsa msewu uja. Anamutumiza kwa achibale ku Mchinji kukamaliza sukulu, ndipo mpaka pano amangobwera kudzacheza. Abiti anandikhululukira, koma mwana wao wamkazi mmodzi yekhayo akukulira kutsidya kwa malire chifukwa cha ine. Zina sizisokeka.

Pali cholakwa chachinayi, ndipo ichi a Tembo sachidziwa. Mlaliki uja atapita anasiya kagulu ka anthu kamene kankapemphera pansi pa chisakasa cha mapepala a pulasitiki, pakona ya bwalo lomwe lija. Ambiri anali amayi osauka, ena odwala, ofuna wowapempherera. Ine, amene ndinali nditangophunzira kumene phunziro langa, ndinayamba kuwatcha mpingo wa mimbulu. Ndinkawaseka m'shopu, kutsanzira mmene amagwera pansi popemphera, ndipo makasitomala ankaseka nane. Zinkandikomera, chifukwa tsopano ndinali kumbali ya olungama. Tsiku lina ogulitsa ena a pamsika analemba kalata yopita kwa akuluakulu a boma yoti kagulu kameneka kathamangitsidwe pabwalopo, ndipo anabwera nayo kwa ine kuti dzina langa likhale loyamba. Ndinatenga cholembera. Ndinati tiyambe tapita kwa Che Yusufu, iwo ndiwo analakwiridwa koposa. Iwo anamvetsera kalata yonse, akupukuta mpeni, kenako anapukusa mutu.

"Ine ndikudziwa mmene zimawawira kugubuduziridwa tebulo," anatero. "Aletseni kutukwana. Kupemphera musawaletse."

Ndinabweza cholembera kwa mwini wake. Sabata yomweyo ine ndi Abiti tinapita awiri ku chisakasa chija, tinadikira kuti amalize mapemphero, tinakhala pansi ndi mtsogoleri wao. Abiti anamufotokozera za mpango wa Fatuma. Munthuyo anakana kuti iwo sanatumepo ana, ndipo sanapepese. Koma chimkuzamawu anachitembenuzira kwa anthu ake, ndipo sindinamvenso mzikiti ukutchulidwa. Akupempherabe pomwepo. Sindigwirizana nawo pa zambiri, koma wina akadzabwera kudzagwetsa chisakasa chao adzandipeza nditaima pakhomo pake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chidani sichisankha yunifolomu, mwana wanga. Chinandipeza ndili m'duku loyera, chinandipezanso nditalivula.

Tsopano usandimve molakwa, pakuti ndikudziwa zimene amanena za ine. Sindikukuuza kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi. Ine ndine wa Yesu, ndidzafa ndili wa Yesu. Abiti amadziwa kuti ndimawapempherera kuti tsiku lina adzabwere kwathu kuno, ndipo anandiuza poyera kuti iwonso amandipempherera kuti ndidzapite kwao. Timatsutsana tikusenda mtedza pakhonde pano, nthawi zina mpaka mawu kukwera, ndipo dzuwa likapendeka iwo amanyamuka kukaswali, ine ndimatsala ndi nyimbo zanga. Iwe ukalalikire Yesu ndi mphamvu zako zonse. Koma ngati sungathe kumukweza popanda kuponda pa mutu wa munthu wina, ndiye kuti sunamudziwe, ubwerere kuno udzandithandize kusita. Mulungu amene amafuna kuti anyamata athire parafini pa chakudya cha mnzao kuti iye atetezedwe ndi mulungu wamng'ono kwambiri, ndipo si amene ndinakuphunzitsa.

Kumene ukupitako udzakumana ndi anyamata anzeru, odziwa mavesi kuposa iwe. Mudzakhala pa chakudya, wina adzanena nthabwala ya Asilamu, kapena ya a Sabata, kapena ya anthu a kwathu a gule, ndipo onse adzaseka. Usaseke. Sindikuti uyambitse ndewu. Ungoika supuni pansi n'kunena kuti, amenewo ndi anthu akwathu, ndimawadziwa maina. Adzakutcha wofunda, adzati chikhulupiriro chako n'chosakaniza. Uwalole. Ukafuna kudziwa chimene munthu amakhulupirira, pita ukamufunse yekha, ukhale pa mphasa yake, osati kumva kwa mdani wake. Maliro akagwa kwa mnansi wa chipembedzo china, pita, ukakumbe nawo manda ngati akulola, ukhale chete pamene iwo akupemphera. Ndipo tsiku lina nkhosa yako idzabwera kudzakuuza kuti ikuchoka, ikupita ku mpingo wina, kapena kumzikiti, kapena yasiya kukhulupirira chilichonse. Zidzakupweteka ngati wakuzula dzino. Ulankhule naye, ulire ngati misozi ilipo, koma usadzamutchule pagome, usadzauze anthu kuti asamupatse moni. Khomo limene munthu analowera mwaufulu likhale lotsegula potuluka. Chikhulupiriro chosungidwa ndi loko ndi ndende chabe.

A Tembo usawachitire mwano. Anakusainira kalata, uwathokoze, ukabwera pa tchuthi ukawaone. Koma siginecha yao sinagule pakamwa pako. Akuti usatengere amayi ako. Ine ndikuti pa zolakwa zinayi zimene ndakuuzazi usanditengere ngakhale chimodzi, n'chifukwa chake ndaziyala zonse pambalambanda. Koma pa Lamlungu lija limodzi, unditengere. Ndi chuma chokhacho chimene ndili nacho choti ndikusiyire.

Ndikuona fumbi kumsewu, mwina ndi njinga yako ikubwera, ndiye ndimalize. Mankhwala a chifuwa ali m'thumba la m'mbali. Kumeneko akuti kumazizira m'mawa, juzi ija usaisiye chifukwa choti ndi yakale. Uziimba foni Lamlungu masana.

Ndipo umve ichi, Masauso, pakuti sindikuseka. Tsiku limene adzakupatsa mpingo wakowako, ngakhale kukhale kutali bwanji, ndidzabwera. Ndidzakhala kutsogolo, ndidzakumvetsera ngati Mkhristu wina aliyense, ndidzakutcha abusa pamaso pa anthu ako. Koma ndikadzamva pakamwa pako pakutuluka mawu otcha mwana wa munthu wina chiwanda chifukwa cha kumene amapemphera, ndidzaimirira pakati pa ulaliki, ndi ndodo ngati miyendo idzakhale itatha, ndipo ndidzakuitana ndi dzina limene ndinakupatsa ndekha. Akulu ako a mpingo adzandiuza kuti ndikhale pansi. Ukawachenjezeretu kuti sindikhala.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu amene anatilenga tonse akutsogolere.

Ndine amayi ako,
Amake Masauso